Injini ya galimoto yakale: mungaipereke kwa ndani kuti aipale?

Chithunzi: buloko ya injini ili pa benchi, yadzimbiri, masilinda ali poyera.

Moni nonse amene mukuonera. Chitsulo mukuchionachi ndi buloko ya injini, thupi lake lalikulu momwe muli masilinda, mabowo amene mapisitoni amayendamo, ndipo fakitale imene inachiumba inasiya kalekale kupanga zoterezi. Chikawonongeka, palibe sitolo imene mungakagule china chatsopano. Ndiye lero tikambirane za munthu amene mungamusiyire chitsulo chotere, mtima wanu uli m'malo.

Tiyambe ndi kusiyanitsa anthu awiri amene ambiri amawasokoneza. Makaniko amamasula injini n'kuimanganso. Akalakwitsa, mumasulanso, mwataya gasiketi ndi tsiku limodzi basi. Koma wa ku machine shop ntchito yake ndi kudya chitsulo: amakulitsa masilinda, amapala crankshaft (mtanda wachitsulo umene mapisitoni amauzunguza), amasalaza hedi (chivundikiro cha pamwamba pa masilinda). Iyeyu akalakwitsa, chitsulo chimene wachotsa chili pansi ngati fumbi, ndipo chitsulo sichiphukira.

Chithunzi: dzanja likulowetsa choyezera m'silinda.

Silinda ikatha, amaikulitsa pang'ono kuti mulowe pisitoni yokulirapo. Masaizi ake ndi owerengeka. Pa injini zoyezedwa m'mamilimita nthawi zambiri amakhala 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00. Pa injini zakale za ku America ndi ku Britain amawerenga m'mainchi: 0.010, 0.020, 0.030, 0.040, zina mpaka 0.060. Crankshaft nayo imatsika m'masitepe ofanana ndi amenewa. Ine ndimawaona masitepewa ngati miyoyo ya injini. Galimoto ya zaka 60 mwina inapalidwapo kale kamodzi kapena kawiri, ndiye yatsala ndi miyoyo yochepa. Munthu amene akulumphira ku 0.060 chifukwa choti ndi mapisitoni amene ali nawo pa shelefu, pamene 0.020 ikanakwana, wakudyerani miyoyo itatu tsiku limodzi.

Choncho mukafika pa shopu, funsani funso limodzi losavuta: “Bambo, buloko iyi mupala zingati?” Akakuyankhani nambala asanaigwire n'komwe, tsanzikani mwaulemu. Yankho loyenera ndi lakuti, “Isiyeni tiitsuke, tiione ngati ilibe ming'alu, tiiyeze, kenako tikuuzani.” Ndondomeko yake ndi imeneyo, ndipo siisintha.

Kutsukako kuli ndi msampha wake. Thanki ya madzi otentha a soda wamphamvu imayeretsa bwino buloko yachitsulo, koma imadya aluminiyamu. Ena amagwiritsa ntchito timikanda tagalasi topopera ndi mpweya. Chitsulo chimatuluka chowala ndithu, koma timikanda tikatsalira m'njira za oyilo, tidzapera mabeyaringi atsopano injini itangolira kumene. Afunseni ngati amachotsa mapulagi onse a njira za oyilo n'kudutsitsamo burashi.

Pa ming'alu, chitsulo amachiyesa ndi maginito ndi ufa wachitsulo, njira imene ambiri amaitchula ndi dzina la kampani ya Magnaflux. Ufa uja umaunjikana pamene pali mng'alu, ngakhale wosaoneka ndi maso. Aluminiyamu sagwira maginito, ndiye hedi ya aluminiyamu amaithira utoto wolowerera m'ming'alu, kapena amatseka mabowo ake, n'kuipopera mpweya ili m'madzi kuti aone pamene patuluke thovu. Palinso kachipangizo koyeza kukhuthala kwa khoma la silinda pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso. Pa buloko yakale kameneka n'kofunika kwambiri, chifukwa dzimbiri limakhala ladya khomalo kuchokera kumbali ya madzi, kumene simungakuone. Khoma likapyapyala, njira ndi kuikamo sleeve, kachitini kachitsulo kamene kamabwezera silinda pa saizi yake yoyamba. Ndipo mng'alu sindiwo mapeto a buloko. Alipo amisiri amene amausoka ndi tizikhomo tachitsulo popanda kuwotcherera.

Tsopano tifike pamene shopu zambiri zabwino zimagwera, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa injini zakale zili ndi khalidwe lawolawo.

Chithunzi: Ford Model T, kenako Volkswagen Beetle.

Ford Model T, imene inapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927, ndi Model A imene inabwera pambuyo pake, zilibe mabeyaringi ogula m'bokosi aja. Zili ndi babbitt, chitsulo chofewa chimene amachisungunula n'kuchithira m'buloko momwemo, kenako n'kuboola mabowo onse pa mzere umodzi. Dzinali ndi la Isaac Babbitt amene anatulukira chitsulochi mu 1839. Amisiri odziwa kuthira babbitt atsala ochepa, ndipo wodziwa injini za lero, kaya ndi katswiri bwanji, sangaphunzirire pa buloko yanu. Beetle ndi nkhani inanso. Injini yake imazizira ndi mpweya, masilinda ake amachoka limodzilimodzi, ndipo thupi lake ndi zigawo ziwiri za chitsulo chopepuka cha magnesium. Pamene pamatha ndi pokhala mabeyaringi a crankshaft, ndiye pamafunika chida chopala malo amenewo zigawo zonse ziwiri zitamangidwa pamodzi. Peugeot 404 nayo ili ndi masilinda ozula amene amakhudza madzi mwachindunji, ndipo chofunika pamenepo ndi kutalika kwa mmene atulukira pamwamba pa buloko. Kukalakwika, gasiketi siigwira.

Ndiye funso lachiwiri ndi lakuti, “Injini ya mtundu uwu munaigwirapo kangati?” Amene anganene kuti, “Iyi sindinaigwirepo, koma ndikudziwa amene amaitha,” ine ndimamukhulupirira kuposa uja woti chilichonse amatha.

Palinso nkhani ya petulo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 petulo ankamuthira mtovu, ndipo mtovuwo unkateteza pokhala mavalavu otulutsa utsi. Petulo wotere anatha padziko lonse mu 2021, Algeria litakhala dziko lomaliza kusiya kumugulitsa pa magalimoto. Hedi zambiri zakale zachitsulo zili ndi pokhala mavalavu pofewa, ndipo galimoto ikamayenda maulendo ataliatali mothamanga kapena ikamakoka katundu, valavu imamira pang'onopang'ono. Mankhwala ake ndi kuikamo mphete zolimba. Koma musathamangire. Kuti mphete ilowe amayenera kukumba hedi, ndipo pa hedi zina njira ya madzi ili pafupi kwambiri. Mmisiri wabwino adzayamba wakufunsani kuti galimotoyi muziyenda nayo bwanji. Ngati ndi yongotulutsa pa Sabata kukazungulira pang'ono, mwina angakuuzeni kuti musavutike.

Ichi chokha musaiwale, makamaka inu amene galimoto yanu ndi yamtengo chifukwa chokhala ndi injini yake yobadwa nayo. Pa injini zina, monga V8 yaing'ono ya Chevrolet imene inayamba mu 1955, manambala anadindidwa pa kamalo kolumikizana ndi nkhope ya buloko pomwe pamakhala hedi. Akamasalaza nkhopeyo, manambala amapita nawo. Nenani musanachoke, ndipo zilembedwe papepala, kuti manambala asakhudzidwe.

Chithunzi: mkati mwa shopu, makina akuzungulira.

Kodi shopu yotere mumaipeza bwanji? Osati pa chikwangwani. Funsani m'magulu a eni magalimoto a mtundu wanuwo, funsani ochita mipikisano ya magalimoto, funsaninso okonza mathirakitala akale. Safunsa anadya phula. Koma posankha womufunsa, musatenge amene watenga injini yake mwezi watha, chifukwa injini iliyonse imalira bwino ikangomangidwa. Fufuzani amene yake yayenda zaka zitatu kapena zisanu, mumufunse ngati imadya oyilo, ngati imatentha, komanso zimene shopuyo inachita pamene china chake chinavuta.

Kenako pitani nokha mukaone. Makina akale asakuopseni, alipo a zaka 50 amene amadula molondola kuposa atsopano osasamalidwa. Yang'anani zoyezera. Micrometer (choyezera kukula kwa chitsulo molondola kwambiri) komanso choyezera mkati mwa silinda zizikhala m'mabokosi ake, osati kugubuduzika pakati pa masipanala. Mipata imene tikunena apa ndi yocheperapo kuposa tsitsi la munthu: 0.001 ya inchi ndi pafupifupi mamilimita 0.025. Yang'ananinso zitsulo za makasitomala ena. Kodi chilichonse chili ndi chizindikiro cha mwini wake, kapena zaunjikidwa pakona? Zotsekera mabeyaringi a crankshaft sizisinthana malo ngakhale pa buloko imodzimodziyo, nanji kusokonezeka ndi za munthu wina.

Funsani ngati amamaliza silinda mapisitoni asanafike. Yankho likhale ayi. Pisitoni iliyonse amaiyeza, kenako silinda amaisalaza kufikira mpata umene wopanga pisitoniyo analamula, ndipo mapisitoni osula amafuna mpata wokulirapo kuposa oumba. Kusalazako kumasiya timizere topingasa m'khoma, timene timasunga oyilo kuti maring'i akhazikike.

Za ndalama ndi nthawi ndingodutsa mwachangu. Zonse zilembedwe: ntchito iliyonse payokha ndi mtengo wake, amene agule zipangizo, ndiponso kuti akapeza vuto latsopano aimbe kaye asanadule. Musalipiriretu zonse. Jambulani chitsulo chilichonse musanachisiye, ndipo muwauze kuti zakale zonse mudzazitenga, chifukwa nthawi zina chakale n'chimene chimakhala chitsanzo chopangira china. Shopu yabwino imakhala ndi mzere wautali, miyezi ingapo si zachilendo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene simuyenera kulola ndi buloko kukhala chaka pansi, munthu osayankha foni.

Chithunzi: buloko yopalidwa, ndowa ya madzi a sopo ndi nsalu yoyera.

Tsiku lokatenga, pemphani pepala la miyeso: silinda iliyonse, pokhala beyaringi paliponse, mpata uliwonse. Amene anayeza zoona sangavutike kulemba. Mukafika nayo kwanu, ngakhale atakuuzani kuti ndi yoyera, itsukeninso ndi madzi otentha a sopo ndi burashi, muipukute ndi nsalu yoyera yopaka oyilo mpaka nsaluyo izituluka yopanda zakuda, chifukwa fumbi la mwala wosalazira limabisala m'timizere tija. Pomanga, mipata ya mabeyaringi mutha kuitsimikiza nokha ndi Plastigage, kaulusi kamene kamaphwatalala mukamanga mabawuti, n'kukuonetsani kukula kwa mpata.

Ndipo poiliza koyamba, kumbukirani kuti injini zambiri zakale zili ndi camshaft (mtanda wotsegula mavalavu) imene imakhulana ndi zokankhira mavalavu zosalala pansi, zopanda kagudumu. Camshaft yatsopano yotere imafuna oyilo wokhala ndi zinc wokwanira, ndipo siifuna kulira pang'onopang'ono. Injini ikangolira, ikwezeni kuti izizungulira maulendo apakati pa 2000 ndi 2500 pa mphindi, muisunge pamenepo kwa mphindi 20 kapena 30 mukusinthasintha pang'ono, diso lili pa geji ya oyilo ndi ya kutentha. Mukamaliza thirani oyilo wina, ndipo fyuluta yakaleyo muidule muone ngati muli tizitsulo. Mukapezamo tonyezimira tambiri, musailizenso. Tengani fyulutayo ndi pepala la miyeso lija, mubwerere nazo ku shopu.