Za ekiselo yakumbuyo ya Land Rover ija

Eee mphwanga, uthenga wako uja ndaumva, ndangoti ndijambule mawu chifukwa manja ali ndi girizi, kulemba sizitheka. Ukuti inalira kuti phwa! pachitunda mutanyamula matumba, basi injini ikulira bwinobwino, giya ikulowa koma galimoto osasuntha eti? Ameneyo ndi hafu shafti, chitsulo chija chochoka ku difu (magiya a pakati pa ekiselo) kukazungulitsa tayala, wathyoka. Kilatchi usayigwire ayi. Munthu wina aike giya iwe usuzumire uli pambali, uona propu shafti, ija yochoka ku giyabokosi kupita ku difu, ikuzungulira koma matayala ali phee, difu ikungotayira mphamvu yonse mbali yothyokayo.

Ndiye choyamba umasule... ayi ayi dikira kaye, ndisanaiwale. Miyala. Ika miyala ikuluikulu kumatayala, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Handibuleki ya Land Rover siyigwira matayala ngati magalimoto enawa, imagwira kuseri kwa giyabokosi komwe kumayambira propu shafti, ndiye shafti ikathyoka handibulekiyo ilibenso ntchito, galimoto ikhoza kungoyamba kutsetsereka iwe uli pansi pake. Wandimva? Miyala kaye. Ndipo jeke yokha osaikhulupirira, ika zigogo.

Tsopano usanathamangire kukagula sipeya, dziwa kaye ekiselo imene ili pagalimotopo, chifukwa magalimoto amenewa adutsa m'manja ambiri, ena anali a boma, ena a mishoni, ena a kumaesiteti, aliyense ankangoikapo chomwe wapeza. Osadalira bulu buku, dalira maso ako. Pita kumbuyo uyang'ane chibumu cha difu chija. Ukaona chili ndi chivindikiro chomanga ndi mabawuti chakumbuyo, chachikulu, cholemera, imeneyo ndi Salisbury, ma Land Rover ambiri aatali a 109 a Series III ndi ma 110 akale anabwera ndi imeneyo. Ukaona kumbuyoko n'kosalala, kozungulira, kopanda mabawuti, manati onse ali kutsogolo mbali ya propu shafti, imeneyo ndi ya Rover wamba, yomwe imapezeka pa Land Rover yaifupi ya 88. Yosalala Rover, ya chivindikiro Salisbury, basi. Ndikubwereza dala chifukwa mashafti ake salowana, ya Rover yakale kumapeto kwa shafti kuli mano 10, ya Salisbury mano 24. Mmene wafotokozera kuti yathyoka ndikuganiza ndi ya mano 10, imeneyo ndiye imathyoka kawirikawiri, Salisbury kuti uyithyole pamafunika nkhanza.

Chabwino. Kutulutsa shafti n'kosavuta, sufunika ngakhale kuchotsa tayala, ekiselo imeneyi kulemera kwa galimoto kumakhala pamabering'i a habu, pomangira tayala paja, osati pashafti. Pakati pa tayala pali mabawuti 6 aja, kapena 5 ngati ili Defender, masula, menya pang'ono, koka, shafti ituluka yokha. Tulutsa mbali zonse ziwiri, ndipo uona kuti ina ndi yaifupi ina yaitali chifukwa difu siili pakati, ili chakumanja. Pogula unene kuti ukufuna iti, ndipo chidutswacho nyamula upite nacho, ukawerenge mano pamaso pa wogulitsayo.

Apa tsopano khala pansi, apa ndi pomwe pali nkhani. Shafti nthawi zambiri imathyokera mkati, kufupi ndi difu, ndiye kachidutswa kamatsala m'menemo. Anyamata ambiri amatenga kachitsulo kakatali kowonda kulowetsa mbali inayo, kugogoda mpaka kachidutswako katuluke, n'kulowetsa shafti yatsopano, kumanga, kulandira ndalama. Ine zimenezo zinandionetsa zakuda tsiku lina, galimoto ya munthu wa chigayo, inachoka pagalaja bwinobwino ikuyenda mwakachetechete, sabata siyinathe yabwera chokokedwa, titatsegula mano a kirawuni wilo, giya yaikulu ya mu difu ija, atagumuka. Chifukwa chitsulo chikathyoka sichithyoka pawiri pokha, pamagwa tizidutswa, tina ngati njere za mpunga, tatsalira pansi mu oyilo, ndiye kirawuni wilo imatinyamula n'kukatipanikiza ndi pinyoni, giya yaing'ono yomwe imayizungulitsa. Ndiye iweyo tulutsa difu yonse. Yonse. Usandiuze zoti nthawi yatha.

Tsitsa oyilo kaye mubeseni yoyera, osati pansi, umuone mmene alili, ngati akunyezimira kapena waoneka ngati mkaka ndiye kuti munalowa madzi. Kenako propu shafti, sipanala ya 9/16, koma usanamasule lemba chizindikiro ndi choko kapena penti kuti ikabwerere mmene inalili. Ukatero manati ozungulira difu aja, koma siya awiri osamaliza, gwedeza kaye ilekane ndi gasiketi, chinthu chimenechi n'cholemera chikhoza kukuphwanya zala kapena chifuwa, mukhale awiri. Eya, ndipo mashafti onse akhale atatuluka kale, apo ayi difu siyituluka ngakhale uyimenye motani, ndinanena kale eti? Onse awiri.

Ikatuluka tsuka ndi parafini, mkati mwa ekiselo monse, lowetsa dzanja, pititsa maginito, ija ya sipika yakale imagwira bwino. M'mapaipi mwa mashafti mokankha kansanza ndi ndodo mpaka katuluke koyera. Ukaganiza kuti wamaliza pititsanso maginito kachiwiri. Kenako zungulitsa kirawuni wilo pang'onopang'ono ukuyang'ana dzino lililonse, ndi timagiya tating'ono tamkati tija, ndi pini yake ngati siyikugwedera.

Ndipo poti difu ili panja, werenga mano. Kirawuni wilo 47 pinyoni 10, ukagawa imeneyo ndi 4.7, ya Series. Ukapeza 46 ndi 13 imeneyo ndi 3.54, ya Range Rover kapena Defender. Zimalowana pamabawuti bwinobwino, ndiye msampha wake uli pamenepo. Kunali bambo ena ake ogula fodya kumidzi, anapeza difu yotchipa ya Range Rover, ndinawauza kuti bwana kutsogolo muli ndi 4.7, izi sizigwirizana, akuti aaa iwe manga ndine mwini galimoto, ine ndinakana anakamangitsa kwina. Pa tara ankasangalala kuti ikuthamanga, poti nthawi imeneyo ikukoka ndi kumbuyo kokha. Mvula itagwa anakanikiza kandodo kachikasu kaja koti matayala onse anayi azikoka, kutsogolo kukufuna liwiro lina kumbuyo lina, atafika pouma galimoto inayamba kudumphadumpha mpaka china chake chinalira. Anabwera osayang'ana munthu kumaso. Kaya, zawo zimenezo. Ndimati chani... eya, kutsogolo ndi kumbuyo zifanane.

Ukamagula ekiselo yathunthu yoti sungatsegule, gwira habu imodzi isayende, inayo uzungulitse kawiri, uwerenge kuti pomangira propu shafti pazungulira kangati. Kupitirira kanayi ndi theka ndi 4.7, katatu ndi theka ndi 3.54. Kawiri, osati kamodzi, ambiri amasokonezeka pamenepo.

Ngati wapeza kuti ndi Salisbury, zoti difu ituluka kutsogolo iwala. Tsegula chivindikiro, tsuka, yang'ana, koma kuitulutsa difuyo imakhala yothina kwambiri, pali chida chake chotambasulira, usayambe kuyikanula ndi zitsulo za matayala, undiimbire kaye.

Kumanga ndi kubwerera mmbuyo basi, gasiketi yatsopano, shafti uzizungulitsa pang'ono mpaka mano agwirane, osamenya ndi hamala. Poti wafika kale kumahabu gwedeza tayala uone mabering'i, ngati akugogoda nati yake ndi ya mamilimita 52, usayimasule ndi chizulo ngati amachitira ena. Oyilo ndi EP90, galimoto ili pamalo osapendekeka, thira mpaka ayambe kutayikira pabowo lothirira. Oo, ndi kopumira kaja, kakang'ono pamwamba pa ekiselo, kamasule ukatsuke, kakatsekeka ndi matope ekiselo ikatentha oyilo amakankha masilu n'kukanyowetsa mabuleki, munthu n'kumasintha masilu mwezi ndi mwezi osadziwa chikuvuta.

Za kuti muichotse pamsewupo lero, tulutsa mashafti onse ndi propu shafti yakumbuyo, bwezera zivindikiro za mahabu zija fumbi lisalowe, kanikiza kachikasu, ngati kutsogolo kuli mahabu okhoma pamanja uwakhome, iyenda ndi kutsogolo kokha. Koma matumba atsike, ndipo pang'onopang'ono. Jambula chibumu chija chakumbuyo unditumizire ndione, foni yanga yatsala pang'ono kuzima.