Mwala umene unazizira mobisika

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Kuno ku Dedza kwacha ndi nkhungu, madzi a m'ndowa akuchita kuluma zala.

Mawu athu achokera pa Yobu 28:5-6. Pamenepo timva kuti nthaka yomweyi imene imatipatsa chakudya, kunsi kwake n'kotembenuzika ngati ndi moto, ndipo m'miyala yake ndi mmene mumapezeka safiro.

Dzana ndikukumba kachewere kudimba, khasu linagunda mwala n'kuubenthula. Nditatola chibenthucho ndinaona timibulu mkati mwake, tina toyera ngati mchere, tina totuwa, tina takuda tonyezimira tikawombedwa ndi dzuwa. Mnyamata wanga wa Fomu 3 anati, "Amayi, umenewu ndi granite, ngati wa mapiri a ku Chongoni. Kalekale unali phala lamoto." Ndinakhala pamzere, iye n'kumandifotokozera.

Pansi pa dziko pali malo otentha moti mwala umasungunuka. Phala limenelo likapeza mpata limaphulika paphiri, monga linachitira phiri la Nyiragongo la ku DR Congo mu 2021, chiphalaphala chotentha kuposa madigiri 1,000 chikutsikira ku mzinda wa Goma n'kumeza nyumba za anthu. Chikatuluka chotero chimazizira msanga, timibulu take sitipeza nthawi yokula. Pali mtundu wina umene ukazizira mwadzidzidzi umangosanduka galasi lakuda, obsidian, lakuthwa moti anthu akale ankapangira mipeni. Koma phala limene latsalira pansi, lofunditsidwa ndi miyala ina, limazizira kwa zaka zikwizikwi. Mumdima momwemo zinthu zofanana zimafunana, zimalumikizana mwadongosolo, timibulu n'kumakula mpaka kuoneka ndi maso. Moto ndi womwewo, kusiyana kwake ndi kaziziridwe.

Mnyamata uja anapitiriza kunena za phiri la Chimwadzulu kwa anansi athu ku Ntcheu, kumene kumapezeka rube ndi safiro, miyala imene inapangikanso pansi penipeni chifukwa cha kutentha ndi kupanikizika. Koma ine mtima wanga unali utachoka kale pa miyala.

Chaka chatha tinakangana ndi alamu anga pa nkhani ya malire a munda. Moto unandikwera, ndipo sindinaupatse ngakhale usiku umodzi. Ndinayankhula pabwalo, ana akumva, mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira nkhope imagwa. Zina mwa zimene ndinanena zinali zoona ndithu. Koma zinatuluka zili zamoto, zinauma pomwepo, ndipo zikuchekabe. Tikakumana kuchigayo timangopatsana moni wa pakamwa.

Mulungu sanatiuze kuti tisamatenthe mumtima. Yobu mwiniwake anatentha, analira, anafunsa mafunso olimba. Hana anatentha ndi chitonzo cha Penina chaka ndi chaka, koma moto wake anakautula m'nyumba ya Yehova ku Silo, milomo ikungogwedera, mawu osamveka, mpaka Eli anamuyesa woledzera. Yakobo 1:19 amatipempha kuti tifulumire kumva, koma tichedwe kuyankhula ndi kupsa mtima. Kuchedwa kumeneko n'kowawa, ndikudziwa. Anthu amakuyesa wopusa, ena amati waopa. Koma ndi m'masiku amenewo, munthu uli chete pamaso pa Mulungu, mmene amasanja za mumtima, ichi ndi chilungamo, ichi ndi kunyada chabe, ichi ndi bala lakale limene silikukhudzana n'komwe ndi mlandu wa lero.

Mwina wina wadzuka ndi uthenga woulemba kale pafoni, wangotsala kuutumiza. Mlongo wanga, achimwene, taudikirani kaye. Yambani mwauwerengera Ambuye.

Tipemphere. Atate, Inu mukudziwa zimene zikuwira mwa ife m'mawa uno. Zifunditseni ndi dzanja lanu, zisatuluke nthawi isanakwane. Ndipo ine mundipatse mawu oti ndikanene kwa alamu anga, pakuti madzulo ano ndikupita kwawo ndi dengu la kachewere. M'dzina la Yesu, amen.