Maloko alire onse awiri musanakwere: mawu a pa msonkhano wa amisiri

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo. Amene muli kumbuyoko senderani kuno, chifukwa zimene ndabweretsazi n'zofuna maso.

Nonse mwamva za mwana wathu uja woika madishi a TV ndi masola, amene anagwa pa makwerero Lachiwiri lapitali. Dzulo ndinakamuona kuchipatala. Wathyoka mwendo ndi mkono, koma akuyankhula bwinobwino, tithokoze Mulungu. Kumsika ena akuti anachita chizungulire, ena akuti pali dzanja la munthu. Ine ndinapita kwa achimwene ake kukapempha makwerero amene anagwa nawo. Ndi awa ndatsamiritsa pa mtengowa.

Taonani. Awa ndi makwerero otalikitsa aja, a zigawo ziwiri. Ukakoka chingwe, chigawo chapamwamba chimakwera, kenako chimakhala pa tizitsulo tiwiri iti, timene timati maloko. Loko aliyense ali ndi kasipuling'i kamene kamamukankha kuti akole sitepe. Tamverani wa kumanjayu. Kha! Mwamva? Tsopano wa kumanzereyu. Zii. Ndikukankha ndi chala koma sakubwerera, wauma ndi simenti, penti ndi dzimbiri. Mnyamata uja anakoka chingwe, anamva kulira kumodzi, n'kuyamba kukwera. Thupi lake lonse pamodzi ndi zida linalemera pa loko mmodzi, makwerero anapendekeka, chigawo chapamwamba n'kusereka ali pomwepo.

Ndiye mawu anga lero ndi awa, ndipo ndiwabwereza mpaka akukwaneni: maloko ndi awiri, alire onse awiri, ndipo muwaone ndi maso kuti akhala pa sitepe musanaponde.

Chimene chimandiwawa ine, abale anga, n'chakuti ife timadziwa kusamala zinthu. Njinga yanu tcheni ikangolira pang'ono mwathira kale oyilo. Amayi osokawa makina awo sagona opanda mafuta. Ngakhale wilibala timaikumbukira. Koma makwerero, amene amatinyamula mamita asanu, asanu ndi limodzi m'mwamba, tikaweruka timangowaponya kuseri kwa nyumba. Mvula ya Januwale iwamenye, fumbi la Okutobala liwakute, anzathu abwereke n'kubweza ali phala la simenti lokhalokha, ife osaona n'komwe. Mwezi watha ndinadutsa pa nyumba ina, ndinapeza makwerero atawayala pa ngalande kuti wilibala iziwolokerapo. Mawa lake munthu akwera omwewo.

Simenti imeneyi musaione ngati litsiro wamba. Simenti yaiwisi imadya aluminiyamu. Mukaisiya, malo amenewo amayera, kenako amachita timaenje. Feteleza nayenso ndi mdani wa chitsulo. Ambiri a ife nyengo ya dzinja ikamayandikira timaunjika matumba a yuriya m'chipinda chomwecho mmene muli zida, makwerero n'kutsamira pa matumbapo miyezi iwiri. Mukadzawatulutsa mupeza masipuling'i ndi mabawuti zachita dzimbiri lofiira.

Ndili mnyamata, ndikuphunzira ntchito ya magetsi, tinali ndi makwerero a miyendo inayi aja, otsegula ngati chilembo A. Kuti atseguke umayenera kuwamenya theche. Bwana wathu ankati, "Asiyeni, ndiye kuti ngolimba." Ife tinkakhulupirira. Komatu kulimba kwake kunali kwa mahinjesi ouma, ndipo theche lililonse linkapinda tizitsulo ta pakati tija togwira miyendo kuti isakhadzuke, n'kumamasula mariveti pang'onopang'ono. Tsiku lina mnzanga ali pamwamba akumanga bokosi la babu, miyendo inayamba kutanuka yokha. Anapulumukira pa mtanda wa denga umene anaugwira. Kuyambira pamenepo, makwerero ofuna mphamvu kuti atseguke ine sindikwera mpaka nditaona chimene chawagwira. Tizitsulo ta pakatito tiziwongoka mpaka kumapeto, tikhale tokhoma. Tikatsala topindika pang'ono, makwererowo sanatsegukebe.

Tsono kasamalidwe kake. Choyamba n'kutsuka, mafuta amabwera pambuyo. Mukathira mafuta pamwamba pa litsiro mwangopanga matope. Tengani mswachi wakale ndi palafini pang'ono m'kachitini, mukweche pa maloko, pa mahinjesi ndi pa kagudumu ka chingwe kali pamwambaka. Simenti youma muigogode pang'onopang'ono ndi kamtengo, osati ndi hamala ndi tchizulo ayi, mungapinde loko. Pukutani ndi nsanza, paume. Kenako mafuta opepuka, omwe aja a makina osokera, madontho awiri kapena atatu pa msomali umene loko amazungulirapo ndi pa kasipuling'i. Mugwedeze kangapo kuti alowe, otsala kunja mupukute onse. Mafuta malo ake ndi polumikizira basi. Popondera ndi pogwira manja pasafike dontho.

Eya, a bambo, ndaona dzanja. Yankhulani.

"Zikomo madala. Ife timatenga oyilo wakuda uja ku galaja, ngwaulere, ndipo amafewetsa bwinobwino. Cholakwika n'chiyani?"

Mwafunsa bwino, ndipo ndikudziwa kuti mwayankhulira anthu ambiri pano. N'zoona, tsiku loyamba amafewetsa. Koma taganizani chifukwa chimene amakanika amamukhetsera mu injini. Oyilo ameneyo watha ntchito, wadzaza mwaye ndi tizidutswa ta chitsulo topereseka. Mukamuthira pa loko, mwaikapo zinthu zopala. Komanso ngonanda. Kuno kwathu fumbi silisowa, makamaka makwerero akamayenda pa lole kapena pa njinga mu msewu wa dothi. Fumbi limamatirira pa oyiloyo, pakapita masabata angapo pamakhala phala lakuda lolimba, kasipuling'i n'kulephera kubweza loko. Mwabwerera pomwe paja pa loko wosalira. Gilisi nayenso chimodzimodzi, ngwabwino m'malo otsekeka ngati mu habu ya njinga, koma pamtetete amangoitana mchenga.

Chachiwiri, a bambo, oyilo wakudayo popeza ngwaulere timathira mosaumira. Makwerero mukawaimika padzuwa oyiloyo amayenderera, kutsika m'mbali mpaka pa masitepe. Mwagwira ndi dzanja, mwaponda ndi nsapato, mwapita naye pa malata. Malata okhaokha ngoterera kale, nanji nsapato ili ndi oyilo. Akafika pa mapazi a labala awa amawafewetsa, akalowa m'chingwe chimaterera m'manja. Ndipo pa khungu la munthu oyilo wotha ntchito si wabwino kumamugwira tsiku ndi tsiku.

Ena ndamva amathira mafuta ophikira. Amenewo pakapita nthawi amauma n'kusanduka ulimbo. Ena muli ndi mafuta opopera aja otchedwa WD-40. Ameneyo ngwabwino pomasula chimene chagwidwa ndi dzimbiri, koma ngopepuka kwambiri ndipo sakhalitsa, ndiye mukamasula muthirepo mafuta a makina aja. Amene mungakwanitse kugula sipule ya silikoni m'mahadiweya, imeneyo ndiyo yabwino koposa pa fumbi lathuli, chifukwa ikauma sinanda. Ndipo m'mbali umu mmene zigawo ziwiri zimakhulana, ine ndimangopaka kandulo. Kandulo wamba wa pa okala. Mukhule m'kati mwa njira yakeyo, osati kunja kogwira, muona chigawo chikukwera popanda kulimbana nacho. Botolo limodzi la mafuta a makina, mukamathira madontho, likhoza kukutherani chaka. Mwamva a bambo? Zikomo.

Koma ngakhale mwathira mafuta abwino, lamulo lija silisintha. Maloko alire onse awiri, muwaone ndi maso. Ngati mwatsuka, mwathira mafuta, koma loko sakubwererabe yekha, ndiye kuti kasipuling'i kathyoka kapena loko wapindika. Musamange ndi waya, musalowetse msomali wa mainchesi anayi kuti ugwirizire. Makwererowo agonekeni pansi, mumangirire nsanza yofiira kuti wina asatenge, mpaka mutapeza loko wina.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana dzuwa, ndipo amayi akuganiza za pamoto. Ndithamange.

Chingwe chipititseni chonse m'manja. Chikamasosoka ulusi kapena kutulutsa ufa, dzuwa lachidya, gulani china. Kagudumu kazizungulira ndi chala chimodzi. Mapazi a labala akatha, makwerero amaterereka pa simenti yosalala ndi pa matailosi, ndipo m'mizere yake muzichotsamo dothi. Riveti kapena bawuti iliyonse igwedezeni, yogwedera ndi yokonza lero. Inu a makwerero a bulugama okhoma tokha, anu alibe maloko koma ali ndi chiswe ndi misomali yadzimbiri, ndipo musawapake penti chifukwa penti amabisa ming'alu. Kusunga, m'nyumba kapena pakhonde posafika mvula, kutali ndi feteleza. Kutsuka ndi kuthira mafuta, kamodzi pamwezi ngati mumagwira ntchito tsiku lililonse, komanso nthawi iliyonse mwagwira ya pulasitala kapena abwerako kobwerekedwa.

Poimika, mamita anayi alionse kupita m'mwamba, miyendo italikire khoma mita imodzi. Ngati mukukwera pa denga, mutu wa makwerero upitirire malata ndi mita imodzi kuti mukhale n'pogwira. Werengani kapepala komata m'mbalika. Ambiri amalemba makilogalamu 150, ena ocheperapo, ndipo mmenemo muli inuyo ndi katundu yemwe. Thumba la simenti palokha ndi makilogalamu 50. Anyamata a madishi, musanatalikitse makwerero a aluminiyamu yang'anani kaye kumwamba. Mawaya a ESCOM odutsa m'misika yathuyi ena amanyamula mavoti 11,000, ndipo magetsi otero amatha kudumpha musanakhudze n'komwe waya.

Loweruka likubwerali, nthawi ya 8 koloko m'mawa, aliyense abwere ndi makwerero ake pompano. Ine ndibweretsa palafini, mafuta ndi makandulo, inu mubweretse nsanza ndi miswachi yakale. Tidzawaona amodziamodzi, tidzamve maloko onse akulira. Mbale ya chopereka cha mnzathu uja ili kwa amayi asungichuma, ndipo amene mupite kukamuona mawa mukumane pa siteji ikamakwana 10 koloko. Zikomo a tcheyamani.