Kupita n'kosavuta, nanga pobwerera? Ana a ku India ndi sukulu za udokotala zakunja

[Pa sikirini: khamu la ophunzira pageti la malo olembera mayeso, makolo ataima padzuwa kunja kwa mpanda]

Moni nonse amene mukutionera. Ambiri a ife tikamva dzina la India, chimene chimabwera m'mutu ndi chipatala. Tili ndi abale amene anakwerapo ndege kupita ku Delhi kapena ku Chennai kukachitidwa opaleshoni ya mtima, ena kukalandira thandizo la khansa. Ndiye mungaganize kuti kumeneko mwana aliyense wanzeru akafuna udokotala amangolowa m'kalasi. Ayi ndithu. Chaka ndi chaka ana masauzande ambiri a ku India amamanga katundu n'kupita ku Russia, Georgia, Kazakhstan, Kyrgyzstan, Uzbekistan, China, Philippines, Bangladesh ndi Nepal kukafuna udokotala womwewo. Akuthawa chiyani kwawo? Nanga akabwerako, onse amavala jasi loyera lija?

[Pa sikirini: mawu akuti NEET, pansi pake nambala 720]

Khomo lolowera ku udokotala ku India ndi limodzi lokha, mayeso otchedwa NEET. Amalembedwa kamodzi pachaka, mafunso ake ndi a Physics, Chemistry ndi Biology, ndipo malikisi onse ndi 720. Mu 2024 analemba ana oposa 2.3 miliyoni. Malo ophunzirira digiri ya udokotala, yotchedwa MBBS, m'dziko lonselo anali ongopitirira pang'ono 100,000. Taganizani ana 20 akulimbirana mpando umodzi. Ndipo pa malo amenewo, pafupifupi theka lokha ndi la m'makoleji aboma, kumene fizi yake munthu wamba angaikwanitse.

Chowawa kwambiri ndi ichi: chaka chimenecho ana oposa 1 miliyoni anakhoza mayesowo. Anakhoza, koma malo kulibe. Ena amabwereza chaka chachiwiri, chachitatu. Ku Rajasthan kuli mzinda wotchedwa Kota, wodzaza ndi sukulu zokonzekeretsa ana mayeso amenewa. Mwana wa zaka 17 amakhala yekha m'kachipinda kokwana bedi ndi tebulo basi, kuwerenga usana ndi usiku, ndipo nkhani za ana odzipha chifukwa cha kupanikizika zimamveka kumeneko chaka ndi chaka. Ndikanena za ana opita kunjawa, musawaone ngati aulesi amene athawa mayeso. Ambiri ndi ana amene anatuluka thukuta, koma mpando unawaperewera.

Koleji yoti si yaboma ilipo, koma mtengo wake ndi wodula khosi. Maphunziro onse akhoza kufika ma rupee 10 miliyoni, amene iwo amati crore imodzi, kapena kupitirira apo. Ndi madola a ku America oposa 100,000. Pamene ku Russia, Kyrgyzstan kapena Georgia, zaka zonse zisanu ndi chimodzi zimatheka ndi ma rupee apakati pa 2 miliyoni ndi 4 miliyoni, kapena kuposerapo pang'ono. Bambo amene ndi mphunzitsi, kapena ali ndi kagolosale, akawerengetsa chonchi, mtima umakhala pansi. Amapinyolitsa munda, mayi amapereka zibangili zagolide za paukwati wawo kukhala chikole ku banki, ulendo n'kuyambika.

[Pa sikirini: ofesi yaing'ono, pakhoma pali mbendera za mayiko ndi zithunzi za ana ovala majasi oyera]

Apa ndi pamene pamalowera ajenti. Tiyerekeze banja lalowa mu ofesi yake. Awapatsa mpando, awathirira tiyi, awayalira kabuku konyezimira kokhala ndi chithunzi cha nyumba yaitali pakati pa chipale chofewa. Awauza kuti viza ndi yake, tikiti ndi yake, hositelo ilipo, chakudya cha kwathu chilipo, maphunziro ndi a m'Chingerezi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Makolo aja sanatulukepo m'dziko, ndipo pamaso pawo pakhala munthu amene akuoneka kuti zonse akuzidziwa.

Sindikunena kuti ajenti aliyense ndi wakuba. Alipo amene amathandizadi pa mapepala. Koma ambiri amalandira kangachepe kuchokera ku yunivesite pa mwana aliyense amene abweretsa. Choncho yunivesite imene akuiyamikira kwambiri nthawi zina ndi imene ikumulipira bwino, osati imene ikuphunzitsa bwino. Iye ntchito yake imatha mwana akakwera ndege. Ya mwanayo imakhala ikuyamba kumene.

[Pa sikirini: 18 November 2021]

Tsiku ili mulisunge. Bungwe loyang'anira madokotala ku India, la National Medical Commission, limene linalowa m'malo mwa Medical Council of India mu 2020, linatulutsa malamulo atsopano okhudza ophunzira kunja. Maphunziro asachepere miyezi 54. Akatero, miyezi 12 ya intenishipu, kutanthauza kugwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa, pa sukulu yomweyo. Zonse zichitikire pamalo amodzi, osati kuyamba uku n'kukamalizira kwina. Chilankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi, ndipo zonse zithe zaka 10 zisanadutse. Koma lamulo limene ambiri amapunthwa nalo ndi lakuti digiriyo ikhale yoti ingamupatse mwanayo chiphaso chogwirira ntchito ya udokotala m'dziko limene waphunziralo. Ngati eni dziko sangamulole kugwira odwala awo, nakonso kwawo samulola. Ndipo musaiwale, ngakhale wopita kunja ayenera kukhala atakhoza NEET. Wonyamuka wopanda NEET, digiri yake ku India ndi pepala chabe.

Ana amene anali ku Philippines anaona zakuda ndi malamulowa. Kumeneko umayamba ndi kosi ya sayansi yotchedwa BS, kenako digiri ya udokotala yotchedwa MD, ya zaka zinayi. Mu 2022 bungwe lija linanena kuti BS si gawo la udokotala, ndipo MD payokha ndi miyezi 48, yosakwana 54. Ana amene anali atalipira kale ndalama zambiri anakhala miyezi yambiri mitima ili m'mwamba, kudikira kuti amve tsogolo lawo.

[Pa sikirini: FMGE, 150 pa 300]

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Mwana wamaliza, wabwera ndi digiri, kunyumba achita phwando. Koma sangalembere munthu ngakhale mankhwala a mutu asanakhoze mayeso ena otchedwa FMGE. Amalembedwa kawiri pachaka, mafunso ndi 300, ndipo kuti ukhoze ufunika 150. Zikumveka zophweka, theka lokha. Komabe nthawi zambiri amakhoza ndi mmodzi mwa anayi kapena asanu, ndipo pena zinafikapo pa mmodzi mwa khumi. Mu 2022 ofesi ya kazembe wa India ku Beijing inachenjeza poyera kuti mwa ophunzira ku China 40,417 amene analemba mayesowa kuyambira 2015 mpaka 2021, anakhoza ndi 6,387 okha.

Nanga enawo? Ali kunyumba, kapena abwereranso m'sukulu zokonzekeretsa mayeso ku Delhi, ali ndi zaka 25, ngongole ya banki ikukula, anansi akufunsa kuti adokotala ayamba liti ntchito. Ine izi zimandikhudza kuposa china chilichonse m'nkhaniyi, chifukwa m'kabuku konyezimira kaja simulembedwa za iwo.

Chimawagwetsa n'chiyani? Udokotala suphunziridwa m'buku mokha. Umaphunziridwa pambali pa bedi la wodwala. Zaka zitatu zoyamba zimayenda bwino, anatomy ndi physiology m'Chingerezi. Pofika chaka chachinayi amalowa mu wodi. Pabedi pagona gogo wa ku Kazan ku Russia, kapena wa ku Osh ku Kyrgyzstan, amene sadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chingerezi. Akufotokoza pamene pakumupweteka m'Chirasha kapena m'chilankhulo cha kwawo. Mwana amene sanalimbikire chilankhulocho amangoima kumbuyo kwa anzake, manja m'thumba la jasi, kudikira wina amumasulire. Ngati gulu ndi lalikulu, ngakhale kuika chala pa mtsempha wa wodwalayo mwayi sumupeza. Ku China, mwachitsanzo, mu 2022 mayunivesite 45 okha ndi amene boma linali litawalola kuphunzitsa MBBS m'Chingerezi, komabe wophunzira amafunika kufika pa mlingo wachinayi wa mayeso a Chitchaina otchedwa HSK kuti athe kugwira ntchito ndi odwala.

Palinso za matenda. Dokotala wa ku India tsiku ndi tsiku amakumana ndi dengue (matenda ofala ndi udzudzu), malungo, tayifodi, munthu wolumidwa ndi njoka. M'dziko lozizira ukhoza kumaliza zaka zisanu ndi chimodzi osaona wodwala dengue ndi maso ako.

[Pa sikirini: msewu wokutidwa ndi chipale chofewa, ophunzira akuyenda atadziphimba mpaka kumaso]

Za moyo wa tsiku ndi tsiku sinditaya nazo nthawi yambiri, poti ambiri amazolowera. Chisanu chimafika madigiri 20 pansi pa ziro, dzuwa limalowa msanga, mwana wosadya nyama amavutika mpaka atapeza malo ophikira zakwawo, amene iwo amati mess. Amapeza anzawo, amaphikirana mpunga ndi dal (ndiwo za mphodza) m'hositelo, pa chikondwerero cha Diwali amayatsa nyali zawo. Ambiri amanena kuti kumeneko ndi kumene anaphunzirira kudziimira paokha.

Koma pali zina zimene munthu sazolowera. Pa 24 February 2022 Russia inalowa mu Ukraine, muli ophunzira a ku India pafupifupi 18,000, ambiri a udokotala. Ana anagona m'zipinda za pansi pa nthaka ndi m'masiteshoni a sitima. Pa 1 March, mnyamata wa chaka chachinayi wochokera ku Karnataka anatuluka kukagula chakudya mu mzinda wa Kharkiv, bomba linamupha. Ku Sumy ana pafupifupi 700 anatsekeredwa masiku ambiri, mpaka kumasungunula chipale chofewa kuti apeze madzi. Boma la India linawatulutsa kudzera ku Poland, Romania, Hungary ndi Slovakia pa ntchito imene anaitcha Operation Ganga. Atafika kwawo anapempha malo m'makoleji a m'dzikomo, koma boma linati lamulo silikulola. Ambiri anakapitiriza ku Georgia, Uzbekistan ndi mayiko ena, ndipo ena anabwerera ku Ukraine komweko nkhondo ili mkati, poopa kutaya zaka zawo.

Amene anali ku China anatsakamira kunyumba zaka zoposa ziwiri chifukwa cha Covid-19, kuphunzira za opaleshoni pa foni, ndipo pambuyo pake ambiri anawaonjezera nthawi ya intenishipu. Mu May 2024 gulu la anthu linaukira mahositelo a ophunzira akunja ku Bishkek, likulu la Kyrgyzstan. Mu July chaka chomwecho zipolowe za ku Bangladesh zinabweza ana ambiri kwawo. Mu June 2025 anatulutsanso ena ku Iran. Nkhondo palibe angailosere, koma mukamasankha dziko, kumbukirani kuti lamulo la 2021 lija likumangirira mwana pa sukulu imodzi zaka zosachepera zisanu ndi theka.

[Pa sikirini: wofotokoza ali pa tebulo, m'manja muli kabuku ka yunivesite, akukaika pambali]

Ndiye asankhe bwanji? Ine ndingayambire kumapeto, kubwerera m'mbuyo. Bungwe limene limalembetsa FMGE, la NBEMS, limatulutsa zotsatira za dziko lililonse ndi yunivesite iliyonse. Fufuzani dzina la sukulu imene ajenti akuitamayo. Analemba angati, anakhoza angati? Musaone chaka chimodzi chokha, ndipo sukulu imene analemba ana asanu n'kukhoza anayi isakutengeni mtima. Mupeza kuti m'dziko limodzi lomwelo sukulu zimasiyana kutalitali, choncho funso lakuti Russia kapena Georgia ndi losakwanira. Funsani kuti sukulu iti.

Akakuuzani kuti sukuluyo ndi yovomerezeka ndi WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, chenjerani. WHO sivomereza sukulu za udokotala. Chimene chilipo ndi kaundula wotchedwa World Directory of Medical Schools, ndipo kupezeka m'menemo kumangosonyeza kuti sukuluyo ilipo, osati kuti ndi yabwino. Nalonso bungwe la National Medical Commission silisankhira munthu sukulu yakunja. Udindo woona ngati malamulo akukwanira limausiya m'manja mwa mwana ndi makolo ake. Choncho pemphani kalata yochokera ku yunivesite yeniyeniyo, yonena miyezi ya maphunziro, intenishipu, ndiponso ngati mlendo amaloledwa kulandira chiphaso. Werengani machenjezo a ofesi ya kazembe. Fizi ilowe mu akaunti ya yunivesite, risiti ikhale m'dzina la mwana. Ndipo powerengetsa zaka, muonjezere nthawi yokonzekera FMGE ndi miyezi ina 12 ya intenishipu ku India komweko.

Kwa inu makolo a kuno kwathu amene mukuganiza zotumiza mwana ku China kapena ku Russia kukaphunzira udokotala, mayeso athu ndi ena, koma njira ndi yomweyi: kafunseni kaye a Medical Council of Malawi musanagulitse munda.

Chinthu china chimene ndingachite ndisanasaine pepala lililonse ndi kulankhula ndi wophunzira wa pa sukulupo. Osati amene ajenti wakupatsani nambala yake, ndiponso osati wa chaka choyamba amene akusangalalabe ndi chipale chofewa. Pezani wa chaka chachisanu kapena chachisanu ndi chimodzi, kudzera m'magulu a ophunzira pa WhatsApp kapena Telegram. Mufunseni kuti m'kalasi mwawo alimo angati, chipatala chophunziriramo ndi cha yunivesite kapena chobwereka, ndiponso anzake amene anamaliza chaka chatha ali kuti lero. Kenako mumufunse kuti: sabata yathayi mwayeza odwala angati ndi manja anu, ndipo munalankhula nawo m'chilankhulo chanji?