Kunyamuka pa mtunda ndi galimoto ya magiya osabwerera m'mbuyo (handibuleki si ya ophunzira!)

Muli bwa anthu anga a ku Tete, Moatize, Ulongué mpaka ku Tsangano, takulandiraninso pa channel yathu! Lero ndi nkhani ya mtunda. Mwaima pa chitunda msewu wa ku Zóbuè uja, kutsogolo thiraki ikukwawa, kumbuyo chapa yakumamatirani pa bampala, ndipo inuyo muli mu Subaru WRX kapena Altezza ya magiya 6. Munyamuka bwanji? Musachoke, kutsogoloku kuli bodza lina lomwe landikwana.

Zoyambazi tithamange, mukuzidziwa kale.

1. Pondani buleki, kokani handibuleki.

2. Klatchi pansi, giya wani.

3. Apa ndiye imani kaye. Pondani moto pang'ono singano ya marevi (yoonetsa liwiro la injini) ikhale pakati pa 1500 ndi 2000, kenako kwezani phazi la klatchi pang'onopang'ono mpaka mumve injini yasintha kaliridwe ndipo galimoto ikukoka ikufuna kupita, ku escola de condução paja amati ponto de embraiagem. Ndiye vuto la galimoto zamphamvuzi ndi loti zambiri, makamaka zomwe eni ake anazisinthasintha, zili ndi flywheel (chigudumu chachitsulo chomwe injini imazungulitsa) yopepuka komanso klatchi yolimba yomwe imangogwira kamodzi n'kamodzi, gwa! Komanso injini ya 2.0 turbo marevi akakhala pansi turbo imakhala isanadzuke, mphamvu palibe. Mukazolowera Hilux ya dizilo yomwe imanyamuka osaponda moto n'komwe, iyi ikuzimirani anthu akuona.

4. Tsitsani handibuleki, onjezerani moto, klatchi muimalize mofatsa. Basi.

Ngati mwafika apa dinani like ija abale, ndi yaulere, sitikupempha meticais ayi.

Tsopano bodza lija. Akuti handibuleki ndi ya ophunzira, dalaivala weniweni amabalansa galimoto ndi hafu klatchi (phazi lili pakati, klatchi isanagwire yonse). Eee! Ndani anakuuzani zimenezi?? Tamverani achimwene. Klatchi ndi mbale yomwe imapanidwa pakati pa flywheel ndi pressure plate (chitsulo chomwe chimaikanikiza), ikagwira yonse zonse zimazungulira limodzi palibe chikutha. Koma pa hafu klatchi flywheel ikuzungulira pamene mbale yaima chifukwa matayala aima, ndiye zikungokhulana ngati mukunola mpeni pa mwala, ndipo kulemera konse kwa galimoto kwapachikika pamenepo. Mphamvu ya injiniyo ikupita kuti? Ikusanduka kutentha basi. Kafungo kowauka kaja kamene mumati ndi mabuleki a thiraki ya kutsogolo, ndi klatchi yanu imeneyo ikupsa. Kuno kwathu mwezi wa Okutobala dzuwa limafika madigiri 40 mumzinda wa Tete, inu n'kumaonjezeranso moto wina pansi pa galimoto, mukuti mukuonetsa luso.

Mapeto ake mbale ija imasalala, flywheel imachita mabala a kutentha, galimoto n'kuyamba kunjenjemera ponyamuka, mukaponda moto pa giya 4 marevi akukwera koma liwiro ayi. Ndipo kusintha klatchi si kusintha babu, amakaniko amayenera kutsitsa giyabokosi yonse, pa Subaru ntchito imachulukanso poti imakoka ndi matayala onse anayi. Funsani mtengo wake kenako mubwere mundiuze mu makomenti kuti handibuleki ndi yochititsa manyazi.

Chinanso, galimoto zatsopano zambiri zimabwera ndi hill start assist, mukachotsa phazi pa buleki kompyuta imagwirabe mabuleki kwa masekondi awiri kapena kuposerapo pang'ono kuti mupeze nthawi yoponda moto. Ndiye kuti mainjiniya opanga galimotozo nawonso ndi ophunzira? Iwo anaona kuti yogwira galimoto pa mtunda ndi buleki, klatchi ntchito yake ndi kunyamutsa.

5. Ndinatsala pang'ono kudumpha iyi, nthawi ya mvula ku Angónia kuja matope ali thoo, Altezza imakankha ndi matayala a kumbuyo ndiye chepetsani marevi, mukaponda kwambiri matayala angozungulira pamalo amodzi mbuyo n'kupatukira ku ngalande.

Kayesereni pa kamtunda kopanda anthu, osati pa mzere wa pa boda. Vidiyo ikubwerayi tikamba za heel and toe (kuponda buleki ndi moto ndi phazi limodzi potsitsa giya), ndiye subscribe, dinaninso kabelu, ndipo nditumizireni mlamu wanu uja wa hafu klatchi vidiyoyi pa WhatsApp.