Za kuno ku Joni: makina amene amadula okha matabwa

Moni nonse amene mukumvera, a pa Kasungu boma, a ku Santhe, Mtunthama mpaka Nkhamenya, ndi anzanga amene muli kuno ku Joni. Mukamva phokoso kumbuyoku musadabwe, ndi aneba akuwotcha nyama. Anthu a kuno Lamlungu silidutsa popanda utsi.

Achimwene ena a ku Chinkhoma, akalipentala, anandifunsa pa WhatsApp kuti, "Mumati mumapala matabwa, nanga bwanji pa chithunzi chija muli pa kompyuta?" Achimwene, zonse ziwiri n'zoona. Pomwe ndimagwira ntchito pali makina otchedwa CNC router. Ndi tebulo lalikulu, pamwamba pake pamayenda kampeni kozungulira mwaliwiro, uku ndi uko, kutsika ndi kukwera, motsatira zimene mwajambula. Ife timajambula ndi pulogalamu ya VCarve, iyo n'kutulutsa malamulo amene makinawo amamva, otchedwa G-code.

Tinene kuti sukulu ya mkaka yaitanitsa timipando 40. Mumajambula kampando kamodzi kokha, miyendo, pokhalira ndi potsamira, kenako n'kuuza kompyuta kuti ichulukitse. Kuchulukitsako ndi kwa mphindi imodzi, ngakhale mwana angathe. Pamene pagona ndalama ndi pa kusanja. Pulayiwudi wathu amakhala wa mamilimita 2440 m'litali ndi 1220 m'lifupi, ndipo zidutswa zonsezo muyenera kuzilowetsa m'menemo monga amachitira telala pa nsalu, china kuchitembenuza, chaching'ono kuchibisa pakati pa miyendo ya chachikulu. Kompyuta imasanja yokha, inde, koma munthu wa diso akabwerezamo nthawi zambiri amapezabe malo otsala. Mukapulumutsa thabwa limodzi pa khumi aliwonse, abwana amayamba kukupatsani moni m'mawa.

Komanso kampeniko kamadya. Ka mamilimita 6 kamasandutsa utuchi njira ya mamilimita 6 paliponse pomwe kadutsa, ndiye zidutswa zikathithikana kwambiri, chimodzi chimalumidwa m'mbali. Pa MDF, thabwa lopangidwa ndi utuchi wopanikizidwa ndi guluu, mutha kutembenuza chidutswa mmene mungafunire chifukwa alibe mizere, koma pa pulayiwudi wooneka mizere, chitseko chimodzi chikagona chopingasa, kasitomala amachiona asanalowe n'komwe.

China chimene alendo sachidziwa: thabwa limagwiridwa ndi mpweya wokokera pansi pa tebulo. Mukamadula zambiri, mipata imachuluka, mpweya uja umathawa, ndipo kachidutswa kakang'ono kamatha kusuntha kapena kuuluka. N'chifukwa chake timayamba ndi mabowo am'kati, kenako tizidutswa tating'ono, zazikulu pomaliza. Timasiyanso timilatho tating'ono tolumikiza chidutswa ndi thabwa, tomwe timadzadula ndi tchizulo pambuyo pake.

Ndipo tisanatulutse timipando 40 tija, timadula kampando kamodzi pa thabwa lotsala n'kukalumikiza. Thabwa lolembedwa kuti kuchindikala kwake ndi mamilimita 18 mukaliyeza limatha kukhala 17 ndi theka, ndiye mpata womwe munajambula umakhala wokhwepa. Makina saona zimenezo, adzakudulirani timipando 40 togwedera mofanana ndendende.

Funso lachiwiri la achimwene linali loti kodi agule makinawa abwere nawo ku Kasungu. Ine ndikuti yambani mwaona kabuku kanu ka maoda. Ngati mumapanga madesiki a sukulu, zitseko za makabati kapena mabokosi a maliro, zinthu zobwerezabwereza, ganizoli si loipa. Koma chitseko chimodzi cha mlombwa cha nyumba ya mlimi amene wagulitsa bwino fodya, manja anu achita bwino kuposa makina, ndipo mwachangu. Muganizirenso magetsi. Makina aakulu ambiri amafuna a three-phase, magetsi amphamvu ngati a m'mafakitale, ndipo akathima pakati pa ntchito mumayamba mwafunafunanso pomwe kampeni kanayambira, apo ayi thabwa lapita. Mu 2023 kuno magetsi ankathima pafupifupi tsiku lililonse, moti tinkadula motsatira ndandanda ya kuthima kwa magetsi osati ya makasitomala. Timipeninso timabuntha, makamaka pa MDF, ndipo muyenera kudziwiratu komwe muzikagula tina.

Fumbi la MDF lija musalipeputse, valani chotchinga pamphuno ngakhale kutenthe bwanji.

Sabata yamawa tikamba za lendi ya kuno, poti ambiri mwafunsa. Achimwene a ku Chinkhoma, nditumizireni miyezo ya desiki lanu lija, ndiyese kulisanja pa thabwa limodzi tione kuti atuluka angati. Tsalani bwino.