Zimene Zimakuta Mitsempha ya Mwana Zimachokera M'mbale

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo. Nonse mwamva za mwana wa kutsidya kwa dambo uja, chaka ndi theka koma sakuimirirabe, ndipo ena mwayamba kale kulozana zala. Kuchipatala anamupeza ndi magazi ochepa. Ndiye tamverani.

Mitsempha yotumiza uthenga kuchokera mu ubongo ili ngati waya wa magetsi, imafuna chokutira. Chokutiracho ndi mafuta otchedwa myelin. Mtsempha wosakutidwa umayendetsa uthenga mita imodzi kapena awiri pa sekondi, wokutidwa bwino umatha kupitirira mamita 100. Mtsempha sudzikuta wokha ayi. Mu ubongo muli maselo othandizira. Ena, ma oligodendrocyte, ndiwo amakulunga mafuta aja. Ena, ma astrocyte, amagwira timitsempha ta magazi n'kumatapa ayironi (mchere wa m'zakudya umene umathandizanso kupanga magazi) ndi mafuta kupatsira okulunga aja. Magazi akakhala opanda ayironi, atapa chiyani? Ndipo ntchito yaikulu imachitika mwana ali m'mimba mpaka zaka ziwiri. Zaka ziwiri zoyamba, amayi, musazitaye.

Koma ndikamayenda m'makomomu ndimapeza mwana wagwira kapu ya tiyi ndi mbatata, mazira onse apita kumsika. Tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'thupi. Abambo, usipa wa mwana musamaunyamulire ku mowa.

(Agogo ena: Nanga si makolo ankati woyembekezera akadya mazira mwana amabadwa wopanda tsitsi?)

Zikomo agogo, mwafunsira ambiri. Makolo ankafuna kuteteza mwana, cholinga chinali chabwino. Koma tsitsi silidalira dzira. Ana ena amabadwa ndi tsitsi lambiri, ena lochepa, ndipo loyambalo limathothoka ndithu, lina n'kumera. Dzira lili ndi vitamini B12, ndipo B12 akasowa, chokutira chija chimawonongeka ngakhale kwa munthu wamkulu, mapazi n'kumachita dzanzi. Inuyo agogo ndinu amene mumaphikira mpongozi akachira, ndiye mawu anu ndi amene amveke pakhomopo. Zaka ziwiri zoyamba musazitaye.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana dzuwa, ndithamange. Amayi oyembekezera, mapiritsi a ayironi a kusikelo imwani onse, chimbudzi chikada musaope. Bere lokha miyezi 6, kenako phala lothira nsinjiro, usipa wosinja, bonongwe, chiwindi chikapezeka. Malambe pambali, amathandiza ayironi kulowa. Gonani m'neti, malungo amamaliza magazi. Mwana akachedwa kukhala kapena kuyenda, bwerani naye kusikelo, buku lake musaiwale.